Mlandu wa Nachigubudu ndi Mimba ya Njati

Padangokhala. Amene muli nane muvomere, ngati palibe ndivomera ndekha.

Nyama za kudambo zinatopa ndi kumenyana pa nkhani za malire a msipu, ndiye zinagwirizana zosankha woweruza milandu. Zinasankha Njati. Sikuti Njati anali ndi nzeru zoposa anzake. Kungoti anali wochedwa kuyankha. Ukamufunsa kanthu ankayamba watafuna kaye, kuyang'ana kutali, kumeza, kenako n'kunena mawu atatu. Pofika nthawi imeneyo okangana aja mitima inali itatsika kale, ena ataiwala ndi chimene amakanganirana.

Tsiku lomulonga Njati, Nyani anaimirira n'kunena kuti iye ndiye akhala kapitawo wa pabwalo. Palibe anamutuma, komanso palibe anamuletsa, ndipo maudindo ambiri amayamba choncho. Nyani anati woweruza wopanda mwambo ndi ng'ombe chabe, ndiye anakhazika miyambo. Woweruza asadye udzu, chifukwa udzu ndi chakudya cha oweruzidwa. Iye azidya phala la ufa wosefa kawiri, lothira uchi ndi nsinjiro, ali yekha kuseri kwa mpanda. Woweruza asayende pansi, azinyamulidwa pa machila. Madzi azimwa a m'kachikho kamodzi, kuopa kuti angamanyamukenyamuke mlandu uli m'kati. Ndipo woweruza asatafune pabwalo, chifukwa nsagwada ikamayenda wodandaula amayesa kuti akusekedwa.

Panalinso mwambo wina umene sunkanenedwa mokweza. Woweruza sapita kuthengo. Akazembera kuseri, onse ankayenera kunena kuti bwana akuganizira mlandu.

Njati anavomera zonse, pakuti ulemu umakoma masiku oyamba. Milandu inkayamba dzuwa likutuluka mpaka kulowa, choncho phala lija ankangolimeza lili lotentha, ali chiimire, n'kukakhala pa mphasa ya milandu tsiku lathunthu nsagwada ili duu. Iye amene anabadwa wobzikula, wobweza chakudya kukhosi n'kuchitafunanso mofatsa, anasiya kubzikula.

Mwezi woyamba anangomva kulemera. Mwezi wachitatu mutu unayamba kumuwawa masana alionse, ubweya unachita mbuu, ndipo fungo la m'kamwa mwake linkachititsa mboni kuyankha zitayang'ana kumbali. Mwezi wachisanu mawu atatu aja anasanduka mawu amodzi, ndipo mawuwo anali akuti "Samuka."

Woyamba kusamutsidwa anali Kakowa, mbalame yoyera imene inakulira pamsana pa Njati, ikumudya nkhupakupa kuyambira ali mwana. Kakowa ankamudziwa mnzakeyo kunja ndi m'kati. Tsiku lina anatera pa nyanga yake bwalo lili lodzaza, n'kufunsa mosabisa kuti, "Achimwene, kodi kuthengo munapitako liti?" Bwalo lonse linagwetsa nkhope. Nyani anati mawu otere sanamvekepo chiyambire dambo. Njati, manyazi ndi mimba zitamugwirira limodzi, anati Kakowa asamuke. Kakowa anauluka osatsanzika.

Atachoka Kakowa zinangotsatana. Mbidzi anasamutsidwa chifukwa chokhosomola, Nyumbu chifukwa choyang'anitsitsa, Ntchefu chifukwa chopereka moni mochedwa. Nguluwe zinayi zonyamula machila zinasamutsidwa chifukwa chogwedeza. Aliyense ankapita ndi banja lake, ndipo amene sanasamutsidwe anasamuka okha. Milandu inatha, poti panalibenso wokangana ndi mnzake. Njati ankakhalabe pa mphasa kuyambira m'mawa, kuyang'ana bwalo lopanda kanthu, Nyani ali pambali kumuingitsira ntchentche. Nyaniyo thupi lake linali see, chifukwa akapeza mpata ankakwera m'mitengo kukadya masau ndi matowo, n'kutsikira kuchitsime. Miyambo ija anaikira bwana, sanadziikire yekha.

Tsono kuseri kwa mpanda kunkakhala chikumbu chogubuduza ndowe, dzina lake Nachigubudu. Anali wamasiye. Mwamuna wake anapondedwa tsiku limene a Mbidzi ankasamuka mothamanga, ndipo wopondayo mpaka lero sakudziwa. Nachigubudu anadziwa za matenda a woweruza aliyense asanadziwe, chifukwa ntchito yake inali kumeneko. Anaona katundu akuchepa, kenako akuuma, kenako akubwera patapita masiku atatu. Pamene nthano ino ikufika pano, panali patadutsa masiku asanu ndi anayi kuseriko kuli mbee.

Nachigubudu anali ndi mazira asanu ndi limodzi m'mimba. Chikumbu cha mtundu wake chimaumba m'bulu wa ndowe yofewa, kuugubuduza, kuukwirira pansi, n'kuikiramo dzira, kuti mwana akaswa apeze chakudya chili pakamwa. Popanda ndowe palibe ana. Mvula yomaliza inali itagwa kale, ndipo nthaka inkalimba tsiku ndi tsiku. Kutsatira nyama zosamuka sakanatha, poti ndi mazirawo mapiko sankamunyamula. Zosiya za Nyani sankaziwerengera n'komwe. Mayi wokonda ana ake sawalerera m'zimenezo. Mwa nyama zodya msipu, m'dambo lonse munatsala Njati yekha, ndipo Njatiyo anali atatsekeka ngati nsupa.

Nachigubudu anali ndi nyimbo yake yogwirira ntchito. Inali nyimbo ya awiri: wotsogola amatchula mtunda umene watsala ndi kulemera kwa katundu, kenako amasiya mpata, ndipo mnzake amene akukankha mbali inayo amavomera ndi mawu apansi. Wovomerayo anali mwamuna wake. Chimwalirireni iye, Nachigubudu ankaimbabe mbali yake n'kumasiya mpata uja, mpatawo n'kudutsa wopanda kanthu.

Anayamba wapita kwa Nyani, poganiza kuti mwina nkhani itha mwa ulemu. Anamupempha kuti awonjezere madzi m'kachikho ndi kuthirako timasamba m'phala la bwana. Nyani anati bwana sakudwala, akuganizira mlandu.

"Masiku asanu ndi anayi?" anafunsa Nachigubudu.

"Ndi mlandu waukulu," anatero Nyani.

Nachigubudu anabwerera, n'kukhala pansi kuganiza. Kunena zoona kunali kutasamutsa Kakowa. Koma woweruza wopanda milandu ali ngati wogulitsa wopanda ogula: amene wabwera ndi amene amatchula mtengo.

M'mawa mwake anakwawira pakati pa bwalo.

"Wawa, ndabwera ndi dandaulo."

Njati anayang'ana uku ndi uku osaona munthu, mpaka Nyani anamulozera ndi chala cha kuphazi.

"Ndiwe yani, kachirombo iwe?"

"Nachigubudu, wawa, wa kuseri kwa mpanda. Timadziwana, kungoti inu mumakhala mutandifulatira."

Njati anali atakhala masiku ambiri osamva mawu oti dandaulo, ndiye anati anene msanga. Nachigubudu anafotokoza kuti malemu amuna ake anamusiyira chitsime cha madzi okoma kumunsi kwa dambo, pafupi ndi china cha madzi amchere, ndipo Nkhanu walanda chokomacho n'kumuuza kuti chake ndi chamcherecho. Anapempha kuti bwalo lilawe madziwo ndi kugamula.

Nyani anati palibe vuto, iye akatunga m'chikho.

"Chikhocho n'cha yani?" anafunsa Nachigubudu.

"Changa."

"Ndiye mboni yagona kunyumba kwa kapitawo. Basi, ine ndaluza kale, ndizipita."

Njati anapsa mtima n'kunena kuti bwalo lake silinakonderepo munthu, apita yekha kukalawa. Anaitana machila, koma onyamula anali atawasamutsa yekha. Choncho anayenda pansi, maondo akulira, Nyani akuthamanga patsogolo kulengeza kwa udzu kuti bwana akudutsa.

Atafika, Njati anaviika mlomo m'chitsime choyamba n'kunena kuti madziwo ndi owawa. Nachigubudu anati kuwawako ndi kwa m'kamwa, amwenso. Njati anamwanso. Nachigubudu anati amenewo ndi madzi apamwamba, a mvula, madzi a malemu ali pansi. Njati anamiza mphuno n'kumwa mpaka nkhanu zinayamba kuda nkhawa. Anapita ku chitsime chachiwiri n'kuchita chimodzimodzi. Atamaliza, Nachigubudu anafunsa mwaulemu ngati bwana akukumbukirabe kukoma kwa choyamba chija. Njati anali ataiwala, ndiye anabwerera.

Chigamulo chinali chakuti madzi onse ndi amodzi, ndipo poti wodandaula wavutitsa bwalo pachabe, zitsime zonse ziwiri zikhale za Nkhanu. Nkhanu anasuzumira pa una wake, anamva kuti wapambana, n'kubwereramo osafunsa kuti wapambana chiyani. Nachigubudu anataya chitsime chimene sichinakhalepo chake, ndipo analira mokwanira kuti bwalo likhutire.

Pobwerera, mimba ya Njati inalira ngati ng'oma ya kumudzi wina. Nyani anakhosomola kuti aphimbe phokosolo. Nachigubudu ankatsata kumbuyo, akumvetsera ngati mlimi womvera mabingu.

Kutacha anathamangira kuseri kwa mpanda. Anapeza timibulu titatu touma, tonga ta mbuzi. Anakankha kamodzi ndi mwendo, kanali ngati mwala. Anayesa nthaka, mwendo unalowa theka lokha. Anagubuduzabe kam'buluko, poti manja ozolowera ntchito sakhala chete, n'kuyamba nyimbo ija. Anatchula mtunda, anatchula katundu, anasiya mpata. Palibe anavomera.

Anabwereranso kubwalo.

"Iwenso?" anatero Njati. Koma sanati asamuke. Mutu unali utamupepukako pang'ono, ngakhale sankadziwa chifukwa chake.

Ulendo uno Nachigubudu anati ali ndi munda wa msipu umene ankausungira ana, wa kapinga, bonongwe ndi chisoso, ndipo Chiwala wauthira mankhwala mwa nsanje kotero kuti masamba onse akuwawa. Bwalo lipite likalawe.

Nyani analumpha. Anati woweruza sadya udzu, mwambo ndi womwewo.

"Ndani wanena za kudya, a kapitawo? Ine ndati kufufuza umboni. Kapena bwalo lino limagamula ndi mphuno?"

Njati anali ataimirira kale. Anayendanso pansi, ndipo maondo sanalire ngati dzulo. Atafika pamsipu anazula kapinga pang'ono ndi lilime, n'kutseka maso. Inali miyezi isanu ndi iwiri asanalawe udzu. Nachigubudu anati mankhwalawo ali cha pakati, Njati anapita pakati. Anati mwina ali kumalire, Njati anapita kumalire. Anafufuza umboni mpaka munda unatsala theka. Koma poti Nyani ankamuyang'anitsitsa nsagwada, ndiponso chizolowezi cha phala chinali chitamulowerera, Njati ankangozula n'kumeza, kuzula n'kumeza.

Anagamula kuti chisoso chimawawa chibadwire, Chiwala alibe mlandu, ndipo mundawo ukhale wake. Chiwala anamva uthengawo ali pa tsamba la bonongwe, akudya kale.

Dzuwa litapendeka, mimba ya Njati inafufuma. Inatupa mbali ya kumanzere mpaka khungu linachita kunyezimira. Akagona imamuwawa, akaimirira imamuwawa, thukuta lili kamukamu. Anatuma Nyani kuti akatenge kachirombo kaja.

"Wandidyetsa chiphe," anatero Njati, mawu akutuluka movutikira. "Mawa dzuwa likamalowa ndisakupeze m'dambo lino."

Nachigubudu anayang'ana mimbayo n'kuzindikira pamene analakwitsa. Iye, wopanda mano, anaiwala za mano. Anathira udzu wambiri nthawi imodzi m'mimba imene inazolowera phala, udzuwo uli wathunthu. Anakumbukira Njati wakale uja, wogona pamthunzi nsagwada ikuzungulira pang'onopang'ono, amene kumbuyo kwake kunkakhuta mabanja khumi a zikumbu. Madzulo amenewo anayamba nyimbo yake, koma atafika pa mpata uja sanapitirize. Mazira ankamukankha m'kati, ndipo nthaka inali italimba moti mwendo unkangokanda pamwamba.

M'mawa wa tsiku lake lomaliza anapeza Nyani atatseka njira ya kubwalo. Nyani anati wosamutsidwa sasuma mlandu.

"Ndamva, a kapitawo. Ndimangoti ndikufunseni kanthu ndisanapite. Mphasa ijayi, munayamba mwaikhalapo?"

Nyani anati funso limenelo ndi lamwano.

"Pepani. Ndimangodabwa kuti mwaiyala miyezi isanu ndi iwiri, kuikutumula, kuipinda, osadziwa kufewa kwake. Nanga zitachitika kuti wina wasumira a Njati eniake, angadziweruze okha? Pamphasapo pangakhale yani?"

Nyani anakanda m'khwapa kwa kanthawi. Kenako anati mwambo ulipo, wakalekale, wakuti woweruza akaimbidwa mlandu kapitawo ndiye amakhala pa mphasa mpaka mlanduwo utatha. Mwambowo unali utangobadwa pomwepo, koma miyambo yonse ya Nyani inabadwa choncho. Anawonjezera kuti wosamutsidwa ali ndi ufulu wosuma dzuwa lisanalowe, n'kupatuka panjira.

Njati anali chigonere pa mphasa, akubuula. Nachigubudu anaima patsogolo pa mphuno yake.

"Wawa, ndikusumira mimba yanu. Yatsekera chakudya cha ana anga masiku khumi ndi awiri, ikukana kutulutsa."

Njati anafuna kudzuka kuti amuponde, koma mimba inamukoka n'kumugwetsanso. Nyani anatsokomola mwaudindo n'kupempha woimbidwa mlandu kuti atsike pa mphasa. Njati anamuyang'ana nthawi yaitali, koma lamulo ankalilemekezabe, ndiye anadzikoka n'kukagona pa dothi. Nyani anakhala pa mphasa, anapinda miyendo, n'kufunsa ngati wodandaula ali ndi mboni.

"Ndili nayo. Udzu wa dzulo. Unalowa m'katimo, waona zonse zimene zikuchitika. Uitanidwe."

Nyani anafunsa kuti mboni yotere imaitanidwa bwanji. Nachigubudu anati mwini mimba akudziwa, anabadwa akudziwa.

"Pabwalo sitafuna," anatero Njati.

"Woweruza ndiye satafuna, wawa. Inu lero ndinu nyama wamba ngati ine."

Anawonjezera kuti mboni imeneyi ndi yamakani, siyankha ikafunsidwa mothamanga, ndiye chibubu chilichonse cha udzu chikabwera kukhosi chitafunidwe makumi anayi. Njati anati khumi zakwana. Nyani, amene ankafuna kuti mlandu utalike kuti amve bwino kufewa kwa mphasa, anati makumi asanu ndi limodzi. Anakokana kwa kanthawi, Nachigubudu akudandaula kuti akumupondereza, mpaka anagwirizana makumi asanu. Aliyense anaganiza kuti wadyerapo.

Njati anatambasula khosi. Poyamba sipanabwere kanthu. Kenako anageya, kugeya kwakutali kumene kunathamangitsa ntchentche zonse za pabwalo, ndipo mboni yoyamba inafika. Anayamba kutafuna, nsagwada ikuchita ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa. Anameza, inabwera ina. Pofika yakhumi nsagwada inali itakumbukira njira yake, maso atayamba kuyang'ana kutali, ndipo mbali yotupa ija inkatsika pang'onopang'ono.

Dzuwa litafika pamutu Nyani anamva njala. Anayang'ana mitengo ya masau, koma woweruza sayenda pansi. Anatola kambewu kamene kanagwera pa mphasa, koma woweruza satafuna pabwalo. Anamwa madzi a m'kachikho, anatha kamodzi. Anakhala choncho, nkhope itayamba kufanana ndi ya bwana wake, mpaka tulo tinamuba.

Pamenepo Njati analankhula motsitsa mawu, chibubu chili m'tsaya.

"Zitsime zija sizinali zako."

"Ayi, wawa."

"Munda uja?"

"Chikumbu chilime ndi chiyani?"

Njati anatafuna makumi asanu. Atameza anafunsa, ndipo ulendo uno sananene kuti iwe. "Nanga bwanji simunangondiuza, mayi?"

"Kakowa anakuuzani."

Njati anaitana mboni ina n'kuitafuna kupitirira makumi asanu. Patapita nthawi anayamba kufotokoza, osayang'ana Nachigubudu, kuti chimene chinkamupweteka koposa si mimba. Kunali kudya atayang'ana mpanda, osamva wina akutafuna pambali. Anati akasamutsa munthu mtima unkamupepuka kamphindi, kenako kulemera kuja kumabwerera, ndiye ankafunafuna wina womusamutsa. Ankayesa kuti anzakewo ndi amene akumulemetsa.

Nachigubudu anati iye si sing'anga, amangodziwa zimene amaziona kumbuyo kwa nyama. Anati pa ntchito yake waphunzira kuti nyama yomwa madzi okwanira, yodya zamasamba, yotafuna mofatsa ndi kuyenda ndi miyendo yake imasiya zofewa ndipo sikalipira ana. "Mimba siidziwa kuti mwini wake analongedwa ufumu, wawa. Nyani anaiwala kuiuza."

Njati anaseka. Kuseka kumeneko kunamupweteka m'nthiti, poti kunali kutachita dzimbiri.

Anafunsa za anawo, ndipo Nachigubudu anamuuza: mazira asanu ndi limodzi, nthaka yolimba, mwamuna amene anapondedwa ndi osamuka. Njati anafunsa kuti osamuka ake ati. Nachigubudu anati a Mbidzi, aja anakhosomola. Njati anasiya kutafuna kwa kanthawi, kenako anapitiriza.

Chakumasana Nachigubudu anati mboni zamva ludzu, ndiye awiriwo anapita kuchitsime cha Nkhanu osatsanzika woweruza wogonayo, Njati akuyenda pang'onopang'ono kuti mnzakeyo asatsalire. Anamwa, anabwerera, anagonanso pa dothi n'kupitiriza kufunsa mboni. Dzuwa linatsika mpaka linakhala pamwamba pa mitengo. Nachigubudu ankangoliyang'ana.

Mwadzidzidzi Njati anaimika makutu. Anadzuka, anaima ngati wamva kuitana, kenako anayenda mofulumira kulowera kuseri kwa chulu.

Nyani anadzidzimuka kutulo, ndipo mwa chizolowezi analengeza kwa bwalo lopanda anthu kuti bwana akuganizira mlandu.

"Ayi," anayankha Njati ali kuseri kwa chulu, mawu ake akumveka mpaka kuzitsime. "Ndikudzithandiza."

Anatenga nthawi. Atatulukira ankayenda ngati watula mtolo wa nkhuni. Anagwira mphasa ndi nyanga n'kuikutumula, Nyani n'kugubuduka. Ananena kuti wodandaula wapambana mlandu, ndipo kusamutsidwa kwake kwafafanizidwa pamodzi ndi kwa onse amene anasamutsidwa. Nyani apite mawa akawaitane mmodzimmodzi, poti miyendo yake ndi yozolowera. Phala adye yekha ngati akulifuna.

Kenako anafunsa Nachigubudu kuti amupatse chiyani. Anatchula uchi, anatchula malo pabwalo pafupi ndi mphasa, anatchula zitsime zija kuti azilande kwa Nkhanu. Nachigubudu anakana zonse. Anati Nkhanu asiyidwe, sanalakwe kanthu. Iye akufuna zimene zili kuseri kwa chulu, ndi nyanga imodzi kwa kanthawi kochepa.

Anapita limodzi. Nachigubudu anayesa katunduyo ndi mwendo n'kunena kuti si wapamwamba kwenikweni, wakhalitsa m'nkhokwe, koma atenga. Anaumba mibulu isanu ndi umodzi mofulumira. Nthaka inali itauma gwa, ndiye Njati anagwada n'kuiswa ndi nyanga mpaka anafika pa chinyontho. Woweruza wa dambo lonse anali chogwada, mphuno ili m'fumbi, kufunsa chikumbu ngati dzenje lakwana. Chikumbu chinati awonjezere pang'ono kumanzere.

Nachigubudu anatembenuka, mutu pansi miyendo m'mwamba monga amachitira a mtundu wake, n'kuyamba kukankha m'bulu woyamba. Nyimbo inabwera yokha. Anatchula mtunda, anatchula katundu, anasiya mpata.

Mumpatamo munamveka mawu apansi, okhuthala, a munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa.

Nachigubudu anaima. M'bulu unatsala pang'ono kumugudubuzira kumbuyo.

"Mwaphonya," anatero.

"Ndivomere bwanji tsono?"

"Choncho chomwecho. Malemu nawonso ankaphonya."

Anagubuduza mibulu yonse isanu ndi umodzi, iye akutsogola, Njati akuvomera mophonya, mpaka womaliza unagwera m'dzenje dzuwa likulowa. Nachigubudu anaima pakamwa pa dzenjelo n'kunena kuti iye akhala pansipo kulondera mazira, bwana asadikire. Anamukumbutsa za makumi asanu aja. Kenako analowa n'kudzikwirira.

Nyama zinabwerera mmodzimmodzi, zikuyamba zasuzumira kaye patali. Zinapeza woweruza atakokera mphasa pamsipu, akumva milandu uku akutafuna, ndipo ankayankhanso mochedwa ngati kale. Nyani anauza aliyense kuti iye ndi amene anachiritsa bwana ndi mizu ya kuphiri, ndipo ambiri anamukhulupirira, mpaka ena ankabwera kudzamufunsa za mimba zawo. Kakowa yekha sanabwerere. Anatumiza mawu kuti wapeza msana wina, ndipo alibe chifukwa ndi munthu.

Njati ankadya ndi anzake, kumwa nawo, kuyenda nawo. Koma m'mawa uliwonse ankapatuka yekha kupita kuseri kwa chulu chija, n'kusiyapo zosiya zake pafupi ndi pamene anaswa nthaka. Akatero ankaima pang'ono n'kung'ung'udza mbali yake ya nyimbo, ya wovomera, popanda womutsogolera. Chilimwe chonse chinatha choncho. Pansipo sipanamveke kanthu.

Mvula yoyamba itagwa, Njati anapeza nthaka itabooka timauna tisanu ndi kamodzi. Tizikumbu tinali titatuluka, tonyezimira, tili kale pa ntchito pa zimene iye anasiya dzulo lake. Anayang'ana una wachisanu ndi chiwiri, wa mayi wawo, koma panalibe.

Kamodzi kanatembenuka mutu pansi n'kuyamba kukankha, ndipo kanayamba nyimbo ija, imene kanaimva kali m'dzira. Kanatchula mtunda, kanatchula katundu, kanasiya mpata monga ankasiyira mayi wake, osadziwa kuti mpatawo uli ndi mwini.

Njati anameza chimene ankatafuna, n'kuvomera.

Tizikumbuto sitinadziwe kuti waphonya. Tinayesa kuti nyimboyo imaimbidwa choncho, ndipo tinapitiriza kukankha.

Nthano yanga yakwiririka pomwepa. Amene munaika mbatata pamoto kaphuleni, koma mutafune.